Tiuzane zoona nkhani ikadali ziganizo ziwiri

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yathuyi ndilankhule ndi anzanga amene achinyamata amatibweretsera maganizo awo a filimu kuti tiwaonere. Tilipo ambiri muno mu Lusaka: aphunzitsi a masewero m'masukulu, ojambula maukwati amene ali ndi kamera zawozawo, amene anagwirapo ntchito pa wailesi, ngakhale atsogoleri a achinyamata m'matchalitchi. Mwana amafika foni ili m'manja, nati, "Aphunzitsi, tandionereniko kankhani aka." Mayankho amene ndimawamva kawirikawiri ndi awiri. Wina amati, "Zili bwino kwambiri, pitiriza." Wina amati, "Izi n'zakale, anthu anapanga kale." Onse awiriwa sanagwire ntchito imene anapemphedwa, ndipo mwanayo amabwerera kwawo wopanda choti akakonze.

Ine ndine mphunzitsi wopuma, kwathu ndi ku Katete, ndimakhala ku Mtendere. Pantchito ndinkaphunzitsa ana masewero a pasiteji. Masiku ano Loweruka masana ndimakhala ndi kagulu ka achinyamata olemba mafilimu m'kalasi ina imene timabwereka, ndipo ntchito yanga ndi kumvetsera nkhani isanafike pa kamera.

Opanga mafilimu ali ndi chizolowezi chimene ndimachikonda. Asanalembe script, yomwe ndi filimu yonse yolembedwa papepala, amayamba afotokoza filimu yonse m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mawu pafupifupi 30 kapena 40. Chidule chimenechi amachitcha logline. Chimanena mwini nkhani, chimene akufuna, chimene chikumutchinga, ndi chimene ataye akalephera. Tsamba limodzi la script limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye filimu ya ola ndi theka ndi masamba 90. Imeneyo ndi miyezi yolemba, kenako kubwereka kamera ndi nyali, kudyetsa anthu, kulipira minibasi, kugula mafuta a jenereta. Amene anajambula mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, akudziwa mtengo wake. Cholakwika chimene chikanakonzedwa ndi bolopeni nkhani ikadali ziganizo ziwiri, chikadutsa pamenepo chimadzalipiridwa ndi ndalama zimene amayi a mwanayo analandira ku chilimba. N'chifukwa chake kunena kuti "zili bwino" pamene sizili bwino ine ndimakuona kuti n'kumulakwira mwana, ngakhale wonenayo ali ndi mtima wabwino.

Mtsikana wina wa ku Chawama anatiwerengera yake motere: "Filimu yanga ikunena za mavuto amene ana amasiye amakumana nawo m'makomboni, ndi kuphunzitsa anthu kuti kulanda katundu n'koipa." Anzake anaomba m'manja. Palibe angatsutse mawu amenewa, ndipo vuto lake lili pomwepo. Uwu ndi mutu wa msonkhano, munthu mulibemo. Koma kumuuza kuti mulibe nkhani kukanakhala kunama, chifukwa nkhaniyo anali nayo m'mutu. Sanaiike papepala poganiza kuti mawu akuluakulu ndiwo amamveka ngati filimu yeniyeni.

Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, wamasiye wake uti? Ali ndi zaka zingati? Akadzuka m'mawa amapita kuti?" Anayankha mosazengereza. Wa zaka 17, amagulitsa salaula ku msika wa Soweto, amayi anamwalira chaka chatha, bambo mwezi watha, watsala ndi alongo ake awiri aang'ono. "Sabata ino akufuna chiyani?" Asathamangitsidwe m'nyumba. "Akumuthamangitsa ndani?" Abambo ake aang'ono, apeza kale wogula. Mafunso ochepa chabe, munthu waoneka, nyumba yaoneka, tsiku likuyandikira.

Kenako mnyamata wina amene amakhala phee nthawi zambiri anafunsa funso limene linaposa anga onse: "Nanga sakupita bwanji kupolisi?" Funsoli silinali lachipongwe. Lamulo lathu la chuma cha amasiye, Intestate Succession Act la 1989, limanena momveka kuti munthu akamwalira osalemba wilo, ana amalandira magawo 50 pa 100 alionse, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Nyumba imatsalira mkazi ndi ana. Kupolisi kuli Victim Support Unit imene imamva milandu yotereyi. Mayi wa ku Chawama amene adzaonere filimuyo amazidziwa zimenezi, mwina anafikako yekha kukadandaula, ndipo adzafunsa funso lomwelo ali pampando. Kuli bwino wolemba alimve kwa mnzake m'kalasi kusiyana n'kudzalimva kwa oonera ndalama zitatha.

Mtsikanayo sizinamukomere. Anasonkhanitsa mapepala ake osatsanzika bwino. Loweruka lotsatira anabwera ndi ichi: "Mtsikana wa zaka 17 wogulitsa salaula ku Soweto ali ndi sabata imodzi yopezera chikalata cha nyumba ya malemu bambo ake abambo aang'ono asanaigulitse, koma chikalatacho chili ndi mayi wa ku Kanyama amene analiritsa amayi ake mpaka kumanda, ndipo mayiyo sapereka pokhapokha mtsikanayo avomere pamaso pa abale kuti mwana wa mayiyo ndi mlongo wake." Ikadali yaitali, ifunika kudulira. Koma taonani zimene zalowamo. Kupolisi angapite, koma akapita chinsinsi cha bambo ake chiyalidwa poyera, ndipo lamulo lomwelo limene likumuteteza limawerengeranso mwana wobadwira kunja kwa banja ngati mwana. Kuti apulumutse nyumba ayenera kuigawana ndi munthu amene amadana naye. Apa ndiye ndinafuna kudziwa mathero ake, ndipo ndinamuuza choncho.

Chimene ndikufuna anzanga achione n'chakuti mayi wa ku Kanyamayo palibe mmodzi wa ife anamupatsa. Anamupeza yekha, chifukwa tinamusiyira funso, osati yankho.

Apa ndi pamene ambiri a ife odziwa zinthu timalakwira ana kwambiri kuposa oyamikira chilichonse aja. Timamva ziganizo ziwiri, mutu wathu n'kuyamba kupanga filimu yathu, kenako n'kuyamba ndi mawu akuti "Ndikanakhala ine." M'kagulu kathu mawu amenewa ndinawaletsa. Mnyamata wina wa ku Kalingalinga anabwera ndi nkhani yoseketsa koma yogwira mtima. Agogo aakazi, msungichuma wa chilimba cha amayi a pamsika, agulira bokosi mnansi amene wamwalira wopanda abale, ndipo agwiritsa ntchito ndalama za gulu. Mwezi ukutha, wolandira mwezi umenewo ndi apongozi awo. Mlendo wina amene anatichezera tsiku limenelo, munthu wodziwadi kamera, anati nkhaniyo ilibe moto. Muikemo wa kaloba wa mfuti, muikemo kuthamangitsana kwa magalimoto mu Great East Road, agogowo akhale mtsikana wooneka bwino kuti anthu aonere. Mnyamatayo anangogwedeza mutu mwaulemu, nalemba zonse. Atabweranso anatiwerengera nkhani imene sinali yake, ndipo ankawerenga ngati akuwerenga kalata ya munthu wina. Zinatenga nthawi kuti abwerere kwa agogo ake aja. Mlendoyo sanali woipa mtima. Anaona bwino kuti pakati pa nkhaniyo pakuzizira, ndipo akanangonena kuti, "Mng'ono wanga, pamene agogo agula bokosi ndinali nawe, koma kuchokera pamenepo mpaka kutha kwa mwezi sindikuona chimene chikuwapanikiza," akanamuthandiza kwambiri. Womvetsera amadziwa bwino pamene watayika. Mankhwala ake amawadziwa ndi mwini nkhani, chifukwa ndiye akuwadziwa anthu ake.

Ife Achewa tinakula ndi njira yake. Pa nthano, wofotokoza akati "Padangokhala," omvera amati "Tili tonse," ndipo amapitiriza kuyankha nthano ikuyenda. Mayankho akayamba kufooka, agogo amadziwa okha kuti apa ana ndawataya, nafulumiza kapena kuyambitsa nyimbo. Palibe mwana amene amalanda nthano kuti aimalize iye. Ntchito ya womvetsera logline ndi yomweyo: kunena moona pamene tili tonse ndi pamene sitili tonse.

Chimene timachita n'chosavuta. Wolemba amawerenga kamodzi kokha, n'kutembenuza foni. Anthu atatu, mmodzimmodzi, amabwereza nkhaniyo m'mawu awoawo. Wolemba saloledwa kuwongolera. Ngati atatuwo afotokoza mafilimu atatu osiyana, palibenso chifukwa choti ine ndilankhule, mwini wamva yekha. Ngati onse aiwala munthu amene wolemba amamuyesa mwini nkhani n'kukumbukira wina wapambali, nthawi zambiri wapambaliyo ndiye mwini nkhani weniweni. Ndimawapemphanso kuti ayambe anena mu Chinyanja, monga angauzire azakhali awo. Chingerezi chidzafunika popempha ndalama, koma ana ambiri amabisala kumbuyo kwa mawu aatali a Chingerezi, ndipo ukawauza kuti anene m'chilankhulo cha kunyumba zimaoneka msanga ngati muli munthu wofuna kanthu kapena ayi.

Dongosolo la kuyankha tinalitengera kwa mayi wina wa ku America wokonza magule, Liz Lerman, amene mu 1990 anakonza njira yokambirana ntchito ya luso isanathe. Omvera amayamba anena chimene chawagwira, osati mawu akuti "zabwino" koma chinthu chenicheni chimene chawatsalira m'mutu. Kenako mwini ntchito ndiye amafunsa mafunso ake. Pambuyo pake omvera amafunsa, koma funso lisabise chiweruzo mkati. Kufunsa kuti "N'chifukwa chiyani mathero ako ndi ofooka?" si funso ayi. Kufunsa kuti "Ukufuna tituluke tikumva bwanji?" ndilo funso. Pomaliza penipeni, amene ali ndi maganizo ake amapempha chilolezo: "Ndili ndi ganizo pa za abambo aang'onowo, ukufuna kulimva?" Ndipo mwini angathe kukana. Anzanga ena amati zimenezi n'zochedwetsa, munthu ungonena. Ine ndaona kuti mwana amene wayamba wafunsa yekha amamva ngakhale mawu owawa, pamene amene wangogwetseredwa chiweruzo amatseka makutu n'kuyamba kudziteteza.

Nkhani ya ulemu ndiyenera kuikhudza, chifukwa kwathu kuno ndi yaikulu. Ine ndikalankhula poyamba, palibe mwana anganditsutse, onse amangobwereza zanga. Choncho ndimalankhula pomaliza, ndipo wamng'ono pa onse ndiye amayamba. Chovuta kwambiri ndi pamene wobweretsa nkhani ali wamkulu. Bambo wina wa msinkhu wanga, amene anagwira ntchito ya njanji moyo wake wonse, anabwera ndi nkhani ya masiku ake a unyamata. Ana onse anati, "Zili bwino, bambo." Sizinali bwino, munali zaka makumi atatu m'ziganizo ziwiri, ndipo simunali tsiku ngakhale limodzi loti munthu n'kuliona. Mtsikana mmodzi ndiye anapeza mawu ake. Anati, "Pepani bambo, ine apa ndatayika, ndithandizeni. Pa zaka zonsezi, ndi tsiku liti limene simuliiwala?" Bamboyo anakhala chete, kenako anafotokoza za usiku umene anatumidwa kukauza mkazi wa mnzake kuti mwamuna wake sabweranso, mkazi amene iye mwini anamufunsirapo n'kukanidwa. Mwanayo sanachite mwano, ndipo sananame. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo sananene kuti wotsinayo akhale wamkulu.

Kwa amene amakonda kunena kuti "n'zakale," ndili ndi mawu ochepa. Inde, nkhani za ufiti, za mitala, za mwana wa kumudzi wosokonezeka ndi tauni, tazionera pa ZNBC, pa Muvi TV ndi pa Zambezi Magic mpaka kutopa. Koma mutu kukhala wakale si mlandu. Rungano Nyoni, wobadwira muno mu Lusaka, anatenga nkhani ya ufiti yomweyo m'filimu yake ya 2017, I Am Not a Witch. Kamtsikana kanamiziridwa ufiti, kamangiriridwa ku kansalu koyera kakatali, n'kuuzidwa kuti kakadula kasanduka mbuzi. Mu 2018 filimuyo inalandira mphoto ya mafilimu ya ku Britain, BAFTA, ku London. Akanakumana ndi mmodzi wa ife n'kuuzidwa kuti za ufiti zinatha kale, tikanataya chiyani? Funso loyenera kwa mwana wobwera ndi mutu wakale ndi lakuti, "M'nkhani imeneyi, chimene unachiona ndi maso ako, chimene wina sangachidziwe, n'chiti?" Akachipeza, chikhale m'ziganizo ziwirizo.

Za ndalama nazo tizinena, koma pa nthawi yake. Mnyamata wina analemba za kolera wa mu January 2024, pamene National Heroes Stadium inasandutsidwa chipatala. Ankafuna mabedi mazanamazana, anamwino, maambulansi, asilikali pageti. Kumuuza poyamba kuti "ulibe ndalama zake" kukanapha nkhaniyo isanabadwe. Tinayamba ndi kufunsa kuti mwini nkhani ndani. Anati ndi mayi amene mwamuna wake watengedwa usiku, ndipo abale saloledwa kulowa. "Ndiye mayiyo ali kuti filimu yonseyi?" Ali panja pa mpanda, akudikira kumva dzina. Mnyamatayo anaseka yekha atazindikira kuti filimu yake sifuna m'kati mwa bwalo n'komwe. Ifuna mpanda, mvula, amayi anayi kapena asanu okhala pa zitenje, ndi foni imene batire yake ikutha. Imeneyo angathe kuijambula, ndipo kwa ine ikupweteka kuposa ya mabedi mazana ija, chifukwa ambiri a ife m'katimo sitinalowemo, tinali panja.

Palinso nkhani zimene womvetsera ayenera kuchenjeza. Wina anabwera ndi ganizo lojambula za kudambwe. Ndinamuuza mosabisa kuti Gule Wamkulu ali ndi eni ake, kuti kuvomerezedwa kwake ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi sikunatsegule zinsinsi zake kwa aliyense wa kamera, ndipo asanalembe tsamba limodzi apite kwa akuluakulu kwawo akafunse zimene angaonetse. Pamenepo sindinapemphe chilolezo chonenera maganizo anga.

Chimene chimatsekereza ambiri ndi mantha a kuberedwa. Ana amabwera n'kunena theka la nkhani, mathero n'kubisa, poopa kuti wina awatengera. Manthawa si achabe. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza ntchito yolembedwa, koma ganizo longonenedwa pakamwa silitetezedwa, ndipo ndi mmene zilili m'maiko ambiri. Ndimawauza kuti alembe nkhani yonse mwachidule pa tsamba limodzi kapena awiri, aikepo dzina ndi tsiku, adzitumizire pa imelo, kenako azifotokoza momasuka. Logline yobisa chimene chikupanikiza mwini nkhani palibe angaithandize. Koma mbali yaikulu ya udindowu ili pa ife omvetsera. Nkhani imene mwana wakuuza m'kalasi usakaifotokoze pa mowa, usakaipereke kwa mnzako wopanga mafilimu mwini osadziwa, ngakhale ukuganiza kuti ukumuthandiza. Ngati yafanana ndi imene iwe ukulemba, nena pomwepo, anthu ali pomwepo. Mwana mmodzi akaberedwa, anzake khumi amasiya kulankhula.

Masukulu ophunzitsa zimenezi ndi ochepa. MultiChoice Talent Factory itatsegula sukulu yake muno mu Lusaka mu 2018 inatenga ophunzira 20 pa chaka, ndipo malo amenewo ankagawana achinyamata a m'maiko angapo a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Zimbabwe. Otsala onse, a ku Matero, a ku Chipata, a ku Mchinji ndi ku Lilongwe, aphunzitsi awo ndi ife tomwe, ndi anzawo okhala nawo pa benchi imodzi.

Choncho, Akonzi, ndili ndi pempho. Tipatseni theka la tsamba kamodzi pa mwezi. Achinyamata azitumiza ma logline awo m'Chichewa, inu muzisankha atatu kapena anayi, muzisindikiza ndi dzina la mwini ndi tsiku, zimene zikhalenso umboni wakuti ganizolo ndi lake. Pansi pa iliyonse, munthu wa ntchitoyi, wolemba masewero a pa wailesi kapena wotsogolera filimu, azilemba zinthu ziwiri zokha: chimene chamugwira, ndi mafunso osapitirira atatu. Asapereke malikisi, asalembenso nkhani ya mwini. Mwezi wotsatira, wolemba amene wafuna azibweza yokonzedwa kuti owerenga aone kusintha kwake. Mtsikana wa ku Chawama uja ndamufunsa kale, ndipo wavomera kuti yake ikhale yoyamba.

Wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Mtendere, Lusaka